Dizilo kapena petulo: galimoto yopita nayo ku Kachulu ndi ku Chingale nyengo ya mvula

Mayi a ku Matawale:
Ndikupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi funso lomwe ndikupempha kuti inu amene mumadziwa za magalimoto mundiunikire ndisanatulutse ndalama. Ntchito yanga ndi yogula mpunga kwa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, cha ku Kachulu ndi kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, ndipo nthawi zina ndimapita ku Chingale kukatenga nandolo ndi chimanga. Mpaka pano ndakhala ndikuchita hayala magalimoto a anthu, koma mvula ikangoyamba eni ake amakana kapena amakweza mtengo, choncho ndaganiza zogula yangayanga yokoka ndi matayala onse anayi. Ndapeza galimoto ziwiri za mtundu wa Hilux, zonse za zitseko zinayi ndipo zaka zake ndi zofanana. Ina ndi ya dizilo, injini ya 2.5 imene amaitchula kuti D-4D, pamene inayo ndi ya petulo ya 2.7, ndipo ya petuloyo ndi yotsikirapo mtengo kwambiri. Alongo anga akuti munthu wanzeru sagula galimoto ya petulo yopita nayo kumudzi, koma nditawafunsa chifukwa chake sanandiyankhe zogwira mtima.

Dalaivala wopuma wa ku Sadzi:
Mayi, alongo anuwo akunena zoona, ndipo chifukwa chimene sanakuuzeni ndi ichi. Injini ya dizilo imatulutsa mphamvu yake yokoka ikadali kuzungulira pang'onopang'ono, pamene ya petulo imafuna kuti muiponde kaye mpaka ilire ndiye ikoke. Injini ya 2.5 imene mukuinenayo, yomwe a Toyota amaitcha 2KD, imakhala itafika kale pa mphamvu yake yokoka muvi wa pa geji yosonyeza kuzungulira kwa injini pa mphindi usanakwane 2,000, koma ya petulo ya 2.7 imadikira mpaka cha m'ma 3,800 kapena 4,000. Mukamayenda pa tala kuchoka kuno kupita ku Limbe kusiyana kumeneku simungakuone. Mumakuona mutasenza matumba a mpunga pa dothi la makande la ku Chilwa mvula itagwa usiku, pamene pamwamba pamaoneka ngati pauma koma pansi pali phala lokhalokha. Pamalo otero tayala likangozungulira mothamanga limadzikumbira dzenje, ndipo galimoto imakhala pansi ndi mimba. Ya dizilo mumaiika mu giya yaing'ono ya 4L, yokoka pang'onopang'ono ndi matayala onse anayi, n'kuchotsa phazi pa kilatchi pang'onopang'ono, ndipo imayamba kukwawa yokha musanaponde n'komwe mafuta. Ya petulo imakukakamizani kuponda mafuta uku mukusewera ndi kilatchi, ndipo fungo la kilatchi yopserera limakupezani musanatuluke m'dambo. Onani ma Land Cruiser amene zipatala ndi mabungwe amatumiza kumadera ovuta m'dziko muno, ndipo muwerenge kuti a petulo ndi angati.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Bambo dalaivala, zimene mwanena zokhudza kukoka sindikutsutsa ngakhale pang'ono, koma ndikupempha kuti tisiyanitse dizilo amene inu munayendetsa ndi dizilo amene Mayiwa akufuna kugula, chifukwa si chinthu chimodzi. Land Cruiser ya zipatala ija ili ndi injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda asanu ndi imodzi, imene inayamba kupangidwa mu 1990. Ilibe turbo, chida chokankhira mpweya wochuluka mu injini, ndipo pampu yake ndi ya zitsulo zokhazokha, yosalamulidwa ndi kompyuta. Injini imeneyo, pamodzi ndi 3L ndi 5L za Hilux zakale, TD42 ya Nissan Patrol komanso 4JA1 ya Isuzu KB, zimapirira mafuta osayera bwino, ndipo zikavuta timazikonza pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala wamba. D-4D ndi mtundu wina, umene timautcha common rail. Pampu yake imakankha dizilo ndi mphamvu yoposa 1,300 bar, pamene tayala la galimoto timalipopa 2 kapena 3 bar basi, ndipo timabowo ta ma injector ake, zida zopopera dizilo m'masilinda, n'tating'ono kwambiri moti kamchenga kosaoneka ndi maso kamakwanira kutiwononga. Pampuyo ndi ma injector zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane, ndiye mukathiramo dizilo wosakaniza ndi parafini kapena wokhala ndi madzi, zitsulozo zimadyana.

Galimoto yotero ikabwera ku galaja kuno ikunjenjemera ndi kutulutsa utsi, choyamba chimene ndimachita ndi kumasula kampopi ka pansi pa fyuluta ya dizilo n'kukhetsera m'botolo loyera. Ndikaliimika padzuwa kwa mphindi zochepa mumaona madzi akukhala pansi, dizilo ali pamwamba, ndipo pakati pawo pali kamzere kakuda ka zinyalala. Mwini galimoto akanunkhiza amadziwa yekha kumene anagula mafutawo. Zikafika pamenepo ine ntchito yanga imangokhala yomasula, chifukwa ma injector amayenera kupita ku Blantyre kumene kuli makina owayezera, ndipo mtengo wa anayi atsopano ukhoza kumeza phindu la mpunga wa chaka chonse. Ya petulo ya 2.7 ija, kaya ndi 3RZ kapena 2TR, ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing wogwirizanitsa kayendedwe ka zitsulo za m'kati mwa injini, mapulagi ake amapezeka m'mashopu a mu Zomba momwemuno, ndipo makaniko aliyense wa pa Jali kapena pa Thondwe akhoza kuigwira. Funso langa kwa Mayi ndi lakuti, kodi mafuta muzikathira kuti?

Mayi a ku Matawale:
Zikomo bambo makaniko. Kawirikawiri ndimathira m'tauni muno ndisananyamuke, koma kunena zoona nthawi imene mafuta ankasowa magalimoto amene ndinkachita hayala ankagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, chifukwa alimi sangakudikireni mpaka mzere wa pa malo omwetsera mafuta uthe. Mpunga mukauchedwera amagulitsa kwa ena.

Mphunzitsi wa masamu wa ku Domasi:
Ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono, popeza anthu ambiri amanena kuti dizilo ndi wotchipa chifukwa choti anamva kwa ena. Kuno kwathu mitengo ya mafuta imalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo si nthawi zonse pamene dizilo amakhala pansi pa petulo. Mu November 2023, ndalama ya kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, lita ya petulo inafika pa K2,530 pamene ya dizilo inafika pa K2,734. Mitengo yakweranso kuchokera nthawi imeneyo, koma ndigwiritsa ntchito yomweyi kuti tione mmene nkhani imayendera. Phindu la dizilo silili pa mtengo wa lita, lili pa mtunda umene litayo imakufikitsani, chifukwa dizilo ali ndi mphamvu yochulukirapo pa lita iliyonse ndipo injini yake imaiwotcha mosawononga.

Tiyerekeze kuti ya dizilo ikumwa malita 9 pa makilomita 100, ndipo ya petulo ikumwa malita 13. Izi ndangoyerekeza, chifukwa galimoto iliyonse imamwa malinga ndi katundu, msewu ndi phazi la woyendetsa. Pa mitengo ija ya dizilo idzadya K24,606 ndipo ya petulo K32,890, kusiyana kwake n'kukhala K8,284 pa makilomita 100 alionse. Munthu woyenda makilomita 20,000 pa chaka apulumutsa K1,656,800, koma woyenda makilomita 8,000 apulumutsa K662,720 yokha. Tsono Mayi mutenge kusiyana kwa mitengo ya galimoto ziwirizo, mugawe ndi ndalama imene mungapulumutse pa chaka, ndipo muona kuti padzatenga zaka zingati kuti ya dizilo ikubwezereni ndalama yanu. Musaiwale kuchotsapo za sevisi, chifukwa ya dizilo imalowa oyilo wambiri, imafuna kusintha fyuluta ya mafuta pafupipafupi, batire lake ndi lalikulu, ndipo lamba wa timing wa 2KD amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000. Kuchoka mu Zomba kupita ku Kachulu si mtunda wautali, ndiye ngati maulendo anu ambiri ali a m'boma lomwelino, masamu akhoza kukudabwitsani.

Dalaivala wopuma wa ku Sadzi:
Aphunzitsi, masamu anu ndi olondola pa msewu wabwino, koma m'matope ndi pa mchenga galimoto ya petulo siimwa malita 13. Mukakhala mu giya yaing'ono kwa ola lathunthu, injini ikulira pamwamba, muvi wa mafuta mumauona ukutsika ndi maso anu, pamene ya dizilo imangowonjezera pang'ono. Ndiponso tsiku loti mudzaigulitse, ya dizilo idzapeza wogula msanga ndipo pa mtengo wabwino. N'chifukwa chake ya petuloyo akukugulitsani motchipa lero.

Mlimi wa ku Chingale:
Ine ndilankhulepo ngati munthu wokhala kumene Mayi akufuna kuzipitako. Kwathu kuno, kuseri kwa phiri kuyang'ana ku Shire, msewu ukagwa mvula umaterera kwambiri pa zitunda, ndipo galimoto yosenza katundu imafunika kukwera osaima, chifukwa mukangoima pakati pa chitunda simunyamukanso. Pamenepo ndikugwirizana ndi bambo dalaivala. Koma palinso nkhani yonyamula mafuta apadera, imene aliyense wobwera kuno amaichita. Petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kunja kukuzizira, moti chigubu chimodzi chodontha kumbuyo kwa galimoto, pafupi ndi anyamata onyamula matumba amene ena mwa iwo amasuta fodya, ndi ngozi yaikulu. Dizilo sayaka msanga chotero, amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti mpweya wake ugwire moto, ndipo amasungika nthawi yaitali kuposa petulo. Munthu mukhoza kugula dizilo woyera m'tauni nthawi imene akupezeka, n'kumusunga m'zigubu zanu zotsuka bwino, osadalira a m'mbali mwa msewu. Zimenezi zikuyankhako nkhawa ya a makaniko.

Chenjezo langa ndi limodzi. Ya dizilo musamaiyendetse mpaka mafuta athere m'njira. Ya petulo ikatha mafuta mumangothira n'kuliza, koma ya dizilo imakoka mpweya m'mapaipi, ndipo muyenera kupopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe isanalire. Amene sadziwa zimenezi amangoliza mpaka batire lithe, ndipo kuno wokubwerekani batire lalikulu sapezeka pafupi.

Wonyamula alendo ku Ku Chawe:
Akuluakulu, nonse mukukamba za mphamvu, koma palibe amene watchula kulemera. Ine ndimayendetsa Suzuki Jimny ya petulo ya 1.3, imene imalemera pang'ono kupitirira tani imodzi, ndipo ndimakafika nayo ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View mu February misewu ya m'nkhalango itaonongeka. Land Cruiser yopanda katundu imapitirira matani awiri, ndipo gawo lalikulu la kulemerako lili kutsogolo chifukwa injini ya dizilo ndi yachitsulo chochindikala. Pa dambo lofewa galimoto yolemera ndi imene imayamba kutitimira, ndipo kuitulutsa kumafuna mudzi wonse. Chinanso n'chakuti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi peresenti imodzi pa mamita 100 alionse amene mwakwera, chifukwa mpweya umachepa. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900, ndipo nsonga za phirili zimapitirira 2,000, ndiye ma dizilo akale amene a makaniko akuwatamawo amakwera kuno akufuka utsi wakuda ngati ng'anjo ya njerwa.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Achimwene, Jimny yanu ndi galimoto yabwino, koma Mayiwa sakunyamula alendo awiri ndi kamera, akunyamula matumba a makilogalamu 50. Matumba khumi okha ndi theka la tani, ndipo akaikidwa kumbuyo kusiyana kwa kulemera kwa injini ziwirizi sikukhalanso nkhani. Za kutalika kwa phiri nazonso sizikuwakhudza kwenikweni, popeza nyanja ya Chilwa ili m'munsi mwa tauni, ndipo 2KD ili ndi turbo. Chimene ndatolapo pa mawu anu n'chakuti m'matope chimene chimakupulumutsani kwambiri ndi matayala a mano akuluakulu, kuchepetsako mpweya m'matayalamo, ndi kudziwa nthawi yolowetsa 4L musanalowe pamalo oipa. Ndaonapo ma dizilo amphamvu atatitimira chifukwa cha matayala osalala a m'tauni.

Woyendetsa ambulansi wa ku Mayaka:
Ndiwonjezerepo za kuwoloka mitsinje, chifukwa kuyambira pamene namondwe wa Freddy anakokolola milatho mu March 2023, ambiri a ife tinazolowera kudutsa m'madzi pamalo pomwe kale panali mlatho. Anthu amakhulupirira kuti dizilo saopa madzi chifukwa alibe mapulagi, ndipo n'zoona kuti dizilo wakale sazima chifukwa cha kunyowa kwa mawaya. Koma madzi akalowa polowera mpweya, dizilo ndi amene amaonongeka koopsa. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya maulendo 17 mpaka 22, pamene ya petulo imapanikiza maulendo pafupifupi 10, kutanthauza kuti mpata wotsala pamwamba pa pisitoni ya dizilo ndi wochepa zedi. Madzi sapanikizika, ndiye ochepa chabe amakwanira kupinda mkono wa pisitoni, ndipo nthawi zina mkonowo umathyoka n'kuboola injini. Ya petulo kawirikawiri imazima msanga mawaya akanyowa, ndipo kuzimako nthawi zina ndi kumene kumaipulumutsa. Mumachotsa mapulagi, kutulutsa madzi, kuumitsa, n'kupitiriza ulendo. Choncho mukasankha dizilo muikitse paipi yokokera mpweya pamwamba ija, imene imakwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, ndipo munthu azitsika kaye kukayeza kuya kwa madzi ndi ndodo. Galimoto ikazimira pakati pa madzi musailizenso, ikokeni. Mukawoloka madzi akuya muonenso oyilo wa m'madifu, mabokosi a magiya ogawira mphamvu ku matayala, chifukwa akasanduka woyera ndiye kuti madzi alowa.

Wogulitsa zida za magalimoto pa msika wa Zomba:
Mayi, mufunsenso kuti ya diziloyo inachokera dziko liti. Zambiri zochokera ku United Kingdom ndi ku Ulaya zopangidwa kuyambira cha m'ma 2010 zili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF m'paipi yotulutsira utsi. Sefa imeneyi imadziyeretsa yokha pokhapokha galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha bwino, ndiye munthu amene amangoyenda pang'onopang'ono m'misewu yafumbi ndi maulendo afupiafupi a m'tauni amaitseka msanga, kenako galimoto imayatsa nyali pa dashibodi n'kukana kuthamanga. Zatsopano kwambiri zimafunanso madzi oyeretsera utsi otchedwa AdBlue. Zochokera ku South Africa kapena zogulidwa zatsopano m'dziko momwemuno nthawi zambiri zilibe zimenezi, ndipo zida zake timakhala nazo kapena timaitanitsa ku Limbe tsiku lomwelo.

Kumbali ya petulo, kumbukirani kuti wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba kuchita zimenezi mu 1982. Injini ya 2.7 imayenda naye bwinobwino, koma ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo si mafuta osunga miyezi m'chigubu monga a ku Chingale anenera za dizilo. Wina akakuuzani za Prado yotchipa ya injini ya dizilo ya 1KZ muyambe mwayeza ngati siiwira, popeza hedi yake, chitsulo chovundikira masilinda, imang'aluka injini ikatentha kwambiri, ndipo mahedi amenewo ndi amene anthu amandifunsa kawirikawiri.

Mayi a ku Matawale:
Ndathokoza nonse. Ndawafunsa ogulitsa ya dizilo, ndipo akuti inachokera ku South Africa ndipo ilibe sefa ya utsi ija. Ndawerengetsanso maulendo anga monga aphunzitsi ananenera, ndipo ndaona kuti ndi ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa mpunga ndikaugayitsa ndimakaugulitsanso ku Blantyre, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse galimoto izikhala itasenza. Mtima wanga ukupendekera ku dizilo, bola ndizisunga ndekha mafuta ogula pa pampu. Chimene chikundiopsa ndi ma injector amene bambo makaniko anena, popeza sindingadziwe zimene mwini wake woyamba ankathiramo.

Mphunzitsi wa masamu wa ku Domasi:
Ngati Blantyre ili m'maulendo anu ndiye masamu asintha, ndipo sindikutsutsaninso. Ndingopempha kuti mtengo wa ma injector anayi muufunse lero, ndipo muugwiritse ntchito pokambirana ndi wogulitsayo.

Makaniko wa ku Chinamwali:
Mayi, zimene mwini wake ankathiramo injini idzatiuza yokha ngati tingaifunse ikadali yozizira. Muuze wogulitsayo kuti asailize galimotoyo Loweruka m'mawa mpaka tifike, ndipo tikafika ndidzayamba ndagwira injini ndi dzanja kuti nditsimikize kuti sanaitenthetse. Dizilo wabwino amalira msanga nyali ya ma heater, zida zotenthetsa m'masilinda injini isanalire, ikangozima. Akamavuta kulira, kapena akamagogoda mokweza ndi kutulutsa utsi woyera kwa nthawi yaitali, ndiye kuti ma injector kapena kupanikiza kwa injini kwayamba kufooka. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikuwotcha oyilo. Ndidzatsegula pothirira oyilo injini ikulira kuti tione ngati ikupuma utsi wambiri, ndidzakhetsa fyuluta m'botolo monga ndinafotokozera, ndipo ndidzabwera ndi kakompyuta kolumikiza pansi pa chiwongolero kamene kamaonetsa mmene injector iliyonse ikugwirira ntchito. Ngati palibe umboni wakuti lamba wa timing anasinthidwa, mudzausinthe sabata yomweyo musanapite kulikonse. Ndikupemphanso kuti muikitse fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi fyuluta ya fakitale, chifukwa mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi injector imodzi.

Ya petuloyo tidzaiyezanso tsiku lomwelo, kuti ngati ya dizilo italephera musabwerere chimanjamanja. Mubweretse matumba khumi a mpunga kapena a chimanga, tidzaikweze iliyonse ndi katunduyo msewu wa ku Ku Chawe mpaka pa damu la Mulunguzi, uku tikuyang'ana muvi wa kutentha kwa injini, ndipo potsika tidzaone ngati giya yaing'ono ikugwira galimoto popanda kudalira mabuleki. Pambuyo pake tidzapite pa msewu wafumbi tikalowetse 4H ndi 4L, magiya awiri okoka ndi matayala onse anayi, chifukwa galimoto zambiri zimene zakhala m'tauni zaka zambiri zimakana kulowa magiya amenewa. Ndidzakhala pa galaja kuyambira 6 koloko m'mawa.